Infinite m'Chichewa: chopanda malire, chosatha kapena chosawerengeka?

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali Fomu 1, adabwera tsiku lina ndi kope lake la masamu kuti ndimuonere ntchito. Funso lidali loti apereke zitsanzo zitatu za *infinite set* (pa masamu, *set* ndi gulu la zinthu). Iye adalemba manambala owerengera, 1, 2, 3 ndi timadontho titatu patsogolo pake. Kenaka mchenga wa ku Senga Bay. Pomaliza tsitsi la m'mutu mwa munthu. Nditamufunsa tanthauzo la *infinite*, sadachedwe n'komwe: "Ndi zambirimbiri, amalume. Zosawerengeka."

Pa zitatuzo adakhoza chimodzi chokha, ndipo sindimuimba mlandu. Chidamusocheretsa si masamu ayi, koma liwu la Chichewa lomwe adalisankha mumtima mwake kuti liimire la Chingerezilo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulisinkhasinkha liwu limeneli, pakuti timakumana nalo m'kalasi, m'tchalitchi, pa zotsatsa malonda, ngakhale pa kamera, ndipo aliyense amalimasulira m'mene kwamugwera. Ena amati chopanda malire, ena chosatha, ena chamuyaya, ena chosawerengeka. Onsewa ndi mawu a Chichewa chabwino. Koma safanana, ndipo liwu lililonse lili ndi pomwe limatifikitsa ndi pomwe limatitaya m'njira.

Liwuli lidachokera ku Chilatini ndipo lidalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300. *Finis* ndi malire kapena mapeto, *finitus* ndi chinthu chomwe chaikiridwa malirewo, pamene *in* wa koyambirirayo ndi wokana, ngati "sa" wathu wa mu "chosatha". Ndi banja limodzi ndi *finish*, *final* ndi *define*. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti *finis* mmodzi yemweyo adasenza zinthu ziwiri zimene ife timazipatsa mayina osiyana: malire a munda ndi mapeto a nkhani. Mavuto onse a womasulira akuyambira pamenepa.

Katchulidwe kakenso kamapunthwitsa ambiri. *Finite* amatchulidwa "fai-nait", ndiye munthu amangoganiza kuti mnzakeyo ndi "in-fai-nait". Ayi, ndi "in-fi-nit", mphamvu ya mawu ili pa "in" woyambayo.

Zosawerengeka: liwu lomwe ndimaliopa kwambiri

Ndiyambe ndi lomwe lidasocheretsa mwana uja. Ife tikati "anthu osawerengeka adafika pamaliro", sitikutanthauza kuti anthuwo adalibe chiwerengero. Tikutanthauza kuti palibe amene akadadzivuta kuwawerenga. Chimodzimodzi "miyandamiyanda", "zankhaninkhani", "zikwizikwi". Onsewa ndi mawu a wowerenga amene watopa, osati a chinthu chimene sichitha. M'Chingerezi mnzawo weniweni ndi *countless* kapena *innumerable*, osati *infinite*.

Za mchengazi zidatha kalekale. Archimedes wa ku Syracuse, yemwe adamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, adalembera mfumu Gelon potsutsa anthu amene ankati mchenga ulibe chiwerengero. Sadalekere pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Adafunsa kuti, kodi chilengedwe chonse, monga ankachiganizira pa nthawiyo, chitadzazidwa ndi mchenga, tinjere take tingakhale tingati? Adapeza kuti sitingapose nambala imene ife lero tingailembe ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 63. Ndi nambala yoopsa, koma ili ndi polekezera. Tsitsi ndiye n'lapafupi zedi: m'mutu mwa munthu mumakhala pafupifupi 100,000. Ndi kuleza mtima, munthu akhoza kuliwerenga n'kulimaliza.

Palinso vuto lina lomwe ndi lathulathu. Mneni woti "kuwerenga" amagwira ntchito ziwiri, ya kalata ndi ya mbuzi. Kalata yosawerengeka ndi yolembedwa moipa. Ndipo "anthu owerengeka" ndi anthu ochepa. Choncho mwana akamva kuti manambala 1, 2, 3 ndi osawerengeka, pamene dzina lawo lomwe ndi manambala owerengera, mutu umamuzungulira, ndipo m'pake.

Kwa amene adzapitirize masamu ku koleji msampha wake ndi waukulu koposa. Georg Cantor, katswiri wa ku Germany, adaonetsa m'chaka cha 1874 kuti zinthu zosatha sizilingana kukula kwake, ndipo mu 1891 adapereka umboni wina wosavuta kuutsata. Zina zikhoza kufoletsedwa pamzere, choyamba, chachiwiri, chachitatu, ngakhale mzerewo suthera pena paliponse. Zimenezo amazitcha *countably infinite*. Zina n'zochuluka moti ngakhale mzere wosathawo sungazikwane, monga manambala onse a madesimo. Zimenezo ndi *uncountable*. Tikawononga liwu loti "zosawerengeka" pa *infinite*, ndiye *uncountable* tidzamutcha chiyani? Nanga *countably infinite* tidzati zosawerengeka zowerengeka? Ine liwu limeneli ndimalisiyira maliro, misonkhano ndi nyenyezi za m'nthano. M'kalasi la masamu lisalowemo.

Komabe ndisalinyoze kotheratu. M'Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, liwu loti *infinite* limapezeka katatu kokha: Yobu 22:5, Masalimo 147:5 ndi Nahumu 3:9. Pa Salimolo, pomwe pakukambidwa za nzeru za Mulungu, Chiheberi chake chimanena kuti zilibe chiwerengero, pamene pa malo awiri enawo chimati palibe mapeto. Kotero omasulira a Chingerezi adaphatikiza maganizo awiri m'liwu limodzi. Wolalikira wonena kuti nzeru za Mulungu n'zosawerengeka sadalakwe. Ali pafupi ndi Chiheberi kusiyana ndi Chingerezicho.

Chopanda malire

Ili ndilo ambiri amalikonda, ndipo nanenso ndikadati ndisankhe limodzi loika mu mtanthauziramawu, ndikadayamba ndi limeneli. Limatsata Chilatini bwinobwino, limamveka msanga, ndipo limakhala bwino pa chikondi, pa chifundo, pa mphamvu, pa ufulu. "Chikondi chopanda malire" palibe angafunse kuti mukutanthauzanji.

Mphamvu yake ili poti malire timawadziwa ndi mapazi. Ndi mzere wa nsenjere kapena chulu chimene chimalekanitsa munda wanu ndi wa mnansi, chomwe anthu amatengerana nacho kwa amfumu. Ndi chipata cha pa Mchinji, pa Dedza, pa Mwanza kapena pa Songwe pomwe amadinda pasipoti. Tikati chopanda malire, m'maso mumabwera dambo lomwe mungayende osakumana ndi mwini wake wokuuzani kuti bwererani. Pa nkhani ya kukula kwa malo, liwu lina loposa limeneli palibe. Mnzake weniweni m'Chingerezi ndi *boundless* ndi *limitless*, mawu omwe nawonso amakonda ndakatulo ndi maulaliki.

Koma tsono taimani pa Nkhata Bay m'mawa kuli nkhungu, muyang'ane kum'mawa. Madzi ndi thambo zimakumana kuchizimezime, tsidya silioneka. Wandakatulo akhoza kulemba kuti nyanja yopanda malire, Mngerezi n'kuti *boundless*, ndipo palibe angawatsutse, chifukwa akunena zomwe diso likuona. Chikhalirecho nyanjayo idayezedwa: m'litali ndi makilomita oposa 550, pomwe yatambasuka kwambiri ndi makilomita pafupifupi 75, ndipo pozama penipeni ndi mamita pafupifupi 700. Choncho "chopanda malire" nthawi zambiri chimangotanthauza kuti malirewo sindikuwaona. Pa ndakatulo zimenezo n'zokwanira. Pa mayeso si zokwanira.

Vuto lenileni la liwuli ndi lozama kuposa apa, ndipo ndi limene lidandisangalatsa kwambiri nditalizindikira. Limalephera mbali ziwiri.

Mbali yoyamba: chinthu chikhoza kukhala chopanda malire koma chosakhala *infinite*. Ikani nyerere pa mpira. Iyende chakumpoto, chakumwera, kulikonse kumene ifuna, sidzafika pomwe mpira wathera, sidzapeza mpanda kapena phompho. Kwa nyerereyo mpirawo ulibe malire. Koma chikopa chomwe adasokera mpirawo n'chochepa, mukhoza kuchiyeza. Dziko lathuli n'chimodzimodzi: kulizungulira pa ikweta ndi makilomita pafupifupi 40,075, koma palibe adafikapo pamphepete pake n'kusuzumira kunsi. Albert Einstein mu 1917 adapereka ganizo loti chilengedwe chonse chikhoza kukhala chotero, chokhala ndi kukula koyezeka koma chopanda mpanda. M'Chingerezi amati *finite but unbounded*. Ngati *infinite* tamutcha kale chopanda malire, chiganizo chimenechi chituluka chakuti "chokhala ndi malire koma chopanda malire", ndipo wowerenga aziyesa kuti womasulira adasokonezeka.

Mbali yachiwiri ndi yotembenuza yoyambayo: chinthu chikhoza kukhala ndi malire ooneka bwino, m'kati mwake muli zinthu *infinite*. Tengani chigumu chimodzi. Dulani pakati, mudye theka. Chotsalacho dulaninso pakati, mudye theka lake. Pitirizani. Mpeni weniweni udzalephera nyenyeswa zikachepetsa, koma m'maganizo kudulako sikutha: 1/2, 1/4, 1/8, 1/16, mpaka kalekale. Zidutswazo zilibe chomaliza, komabe zonse pamodzi sizipitirira chigumu chimodzi chija. Ndi nkhani yomwe Zeno wa ku Elea adazunguza nayo mitu ya Agiriki zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, ponena kuti woyenda ayenera kuyamba wafika pakati pa ulendo, kenaka pakati pa wotsalawo, osathanso. Pakati pa 0 ndi 1 pali manambala osatha, chikhalirecho 0 ndi 1 ndiwo malire awo. Mukauza mwana kuti manambala amenewa ndi opanda malire, iye akuona malirewo ndi maso ake pa rula, adzakukhulupirirani bwanji?

Kanthu kena kakang'ono: pa khalidwe la munthu liwuli limatha kupendekera koipa. Wolankhula mopanda malire si munthu womuyamikira. Mukafuna kutamanda munthu, samalani kuti lisamveke ngati kudzudzula.

Chosatha, ndi abale ake opanda mapeto

Pa masamu, ine ndimaima ndi ili. Chifukwa chake n'chakuti limaloza pa kuchita, osati pa malo. Mukuwerenga, ndipo kuwerengako sikutha. Mukugawa 1 ndi 3, mukupeza 0.333, ndipo ma 3 akungobwerabe. Ndi momwe Aristotle, Mgiriki wanzeru wakale, ankachionera chinthuchi: osati mulu waukulu umene ulipo kale wathunthu, koma ntchito yomwe nthawi zonse ili ndi sitepe ina patsogolo. Mwana amalimva msanga chifukwa akhoza kuliyesa yekha. Tchula nambala yaikulu koposa imene ukuidziwa. Wonjezera 1. Basi, yaikulu ija yagonja.

Umboni wokongola wa mtundu umenewu ndi wa Euclid wa ku Alexandria, wa zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, wokhudza ma *prime number*, manambala aja osagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Tiyerekeze kuti wina wabwera ndi mndandanda nati onse ndi awa. Achulukitseni onsewo, muwonjezere 1. Nambala yatsopanoyo singagawike ndi iliyonse ya pamndandanda paja, chifukwa nthawi zonse patsala 1. Ndiye kuti kapena iyo yomwe ndi *prime* watsopano, kapena imagawika ndi *prime* wina yemwe sadalembedwe. Yesani ndi 2, 3 ndi 5: mupeza 31, watsopano. Yesani ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13: mupeza 30,031, yomwe ndi 59 kuchulukitsa ndi 509, onse awiri alendo. Mndandanda uliwonse umabala wina wosalembedwa. Euclid mwini wake sadanene kuti ndi mulu wopanda malire. Adangoti ndi ochuluka kuposa chiwerengero chilichonse chomwe mungatchule. "Osatha" akugwira ganizo limeneli ndendende.

Liwuli lilinso ndi ulemu wake kutchalitchi. "Moyo wosatha" wa pa Yohane 3:16 ndi "chifundo chake n'chosatha" cha mu Salimo 136 tidakula nazo. Koma ulemu womwewo ndiwo umalikokera ku nthawi. Munthu akamva "chosatha" amaganiza za chinthu chokhalitsa, chosafa, osati chachikulu. Mukati "thambo losatha", ena amva kuti thambo lidzakhalapo mpaka kalekale, pamene inu mumafuna kunena za kutambasuka kwake. Pamenepo bwererani ku "lopanda malire".

Ndiponso mneni woti "kutha" ali ndi nkhope zambiri. Nsapato imatha, ndiye nsapato yosatha ndi yolimba chabe. Munthu amatha ntchito, ndiye wosatha ntchito ndi wosaidziwa. Tayesani kulemba kuti "manambala osatha kuwerenga": mwanena kuti manambalawo sadziwa kuwerenga. Njira yopulumukira ndi kulisiya liwulo lokha, "manambala osatha", kapena kutambasula pang'ono: "manambala oti ungawerenge osawamaliza". Mawu achuluka, inde, koma palibe angasochere.

"Chopanda mapeto", "chopanda mathero" ndi "chopanda polekezera" ndi abale a "chosatha" omwe alibe vuto la nsapato lija, ndipo polemba ndimawakonda kuposa mkulu wawoyo. Mnzawo m'Chingerezi ndi *endless*. Dziwani kuti Angerezi *endless* amamugwiritsa ntchito kwambiri podandaula: mzere wa kuchigayo wosasuntha, msonkhano wosafika kumapeto, milandu ya munda yongobwererabwerera. *Infinite* sadandaulira kawirikawiri. Ndipo chopanda mapeto sichikhala chachikulu nthawi zonse. Mphete ya ukwati ilibe poyambira kapena pothera, n'chifukwa chake abusa amakonda kuiphiphiritsa, koma imakwana pa chala. A makompyuta akati *infinite loop* amanena chimenechi: pulogalamu yongozungulira pamalo amodzi osatuluka. Pamenepo "kuzungulira kosatha" ndi kolondola, "kopanda malire" ayi.

Chamuyaya

Ili silifuna mawu ambiri. Ndi la nthawi basi, ndipo mnzake ndi *eternal* kapena *everlasting*. Katekisimu wamfupi wa ku Westminster wa mu 1647, pofotokoza za Mulungu, adandandalika mawu atatu motsatana: *infinite*, *eternal*, *unchangeable*. Akadakhala kuti awiri oyambawo ndi amodzi, sakadawalemba onse. Woyambayo akunena kuti palibe muyeso womukwana, wachiwiriyo akunena kuti alibe chiyambi kapena chimaliziro m'nthawi. Womasulira mawu otere alembe "wopanda malire, wamuyaya, wosasinthika", ndipo aliyense wa atatuwo akhala ndi ntchito yake. Koma manambala amuyaya kulibe.

Pamene Mngerezi akungokokomeza

Kunja kwa kalasi ndi guwa, *infinite* nthawi zambiri satanthauza chilichonse cha zomwe takambazi. Ndi kukokomeza chabe. Wina akati namwino ali ndi *infinite patience*, sakunena za masamu. Apa omasulira ambiri amagwa chifukwa cha kukhulupirika kopitirira: amalemba "kuleza mtima kopanda malire", zomwe si zolakwika, koma zikununkha Chingerezi. Ife timati ndi woleza mtima kwabasi, kapena kuleza mtima kwake n'kosaneneka. *With infinite care* ndi kugwira chinthu ngati wanyamula mazira. *Infinitely better* ndi kuposa kutalitali. *An infinite variety* ndi zamitundumitundu. Taonani kuti "chosaneneka" ndi "chosasimbika" amaika malire pa lilime la wolankhula, osati pa chinthucho, ndipo n'chifukwa chake amakhala bwino pa kukokomeza: amanena zoona.

Kwa olemba Chingerezi, kachenjezo kamodzi. Popeza *infinite* ali kale pamapeto pa muyeso, sayenda ndi *very* kapena *more* m'chiganizo wamba, monga momwe sitinganenere kuti munthu wamwalira kwambiri. Mukafuna kuchepetsa mphamvu yake, nenani *almost infinite* kapena *seemingly infinite*. Dzina lake ndi *infinity*, muonjezi wake ndi *infinitely*.

Pali mawu ena atatu ofanana naye nkhope omwe ndaonapo akusokoneza anthu ophunzira bwino. Loyamba ndi *indefinite*. Chikalata chikati sukulu yatsekedwa *indefinitely*, kapena ogwira ntchito ayamba sitalaka ya *indefinite*, sindiye kuti mpaka muyaya. Ndiye kuti tsiku lotsegulira kapena lobwerera silidatchulidwe. Chichewa chake ndi "mpaka pomwe adzalengeze". Kholo lomva kuti sukulu yatsekedwa kosatha likhoza kuyamba kufunira mwana malo kwina popanda chifukwa. Lachiwiri ndi *infinitesimal*, lomwe likumveka ngati chinthu chachikulu koma ndi chochepetsetsa, chosaoneka n'komwe. Lachitatu ndi *infinitive* wa m'malamulo a chiyankhulo, mneni ngati *to eat*, yemwe ndi "kudya" wathu wa gulu la Ku ndi tsinde la mneni. Adamutcha choncho chifukwa sadamangidwe kwa munthu kapena nthawi: "kudya" sakunena kuti akudya ndani, liti.

*Unlimited* ndiye ayenera kumuyang'anitsitsa aliyense wogula bandulo ya intaneti. Kusiyana kwake ndi *infinite* n'kwakuti malire a *unlimited* ndi oikidwa ndi munthu. Liwulo likungonena kuti wogulitsa sadakuikireni polekezera, osati kuti chinthucho sichingathe. Ndipo makampani ambiri a mafoni padziko lonse amakhala ndi lamulo lomwe amalitcha *fair usage policy*, loti mukafika pa mlingo wakutiwakuti liwiro limatsitsidwa. "Intaneti yopanda malire" ndi kumasulira koyenera kwa mawu a pachikwangwani, koma timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi tiwerengedwenso. "Intaneti yosatha" ndiye ingakhale bodza lenileni, pakuti masiku a banduloyo akakwana imatha.

Nanga kungolisiya m'Chingerezi?

Aphunzitsi ambiri amatero, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Mayeso a JCE ndi MSCE a masamu amalembedwa m'Chingerezi, choncho mwana ayenera kulizindikira liwulo pa pepala. Chizindikiro chakenso, ∞, chooneka ngati 8 wogona chammbali, n'chimodzi padziko lonse chiyambire pomwe John Wallis wa ku Oxford adachigwiritsa ntchito mu 1655. Ojambula zithunzi amachiona pa lenzi ya kamera, pomwe chimatanthauza kuti lenziyo yalunjika kutali kwenikweni, kumapiri kapena kumwezi. Sindikuona chifukwa chopekera liwu latsopano lachilendo loti lilowe m'malo mwa *infinity* m'buku la masamu.

Koma kulisiya m'Chingerezi si kumasulira, ndi kuzengereza. Mwana sasunga liwu lopanda kanthu m'mutu. Amalipezera yekha Chichewa chake, ndipo chapafupi chomwe amachitola ndi "zambirimbiri". Kuchokera pamenepo amayamba kuganiza kuti ∞ ndi nambala yaikulu kwambiri, yokhala kwinakwake kuseri kwa biliyoni, ndipo amalemba kuti 1 kugawa ndi 0 yankho lake ndi ∞. Pa masamu a kusekondale kugawa ndi 0 kulibe yankho, n'chifukwa chake kakyuleta imangolemba kuti *error*. Chomwe chilipo n'chakuti mukamagawa 1 ndi nambala yomka nichepa, 0.1, 0.01, 0.001, yankho limanka likula osaima: 10, 100, 1,000. Chizindikiro chija chikuloza kumene ulendo ukupita, si mudzi womwe mungafikeko.

Kuti ∞ si nambala wamba zimaoneka bwino ndi chitsanzo cha paukwati. Mukafuna kudziwa ngati mbale zikukwana alendo, simusowa kuwerenga. Mumangopatsa aliyense mbale yake, ndipo ngati palibe mlendo wotsala kapena mbale yotsala, ndiye kuti n'zofanana. Tsono patsani 1 mbale yolembedwa 2, patsani 2 mbale yolembedwa 4, patsani 3 mbale yolembedwa 6. Nambala iliyonse yalandira mbale, mbale iliyonse ili ndi mwini wake. Ndiye kuti manambala ogawika ndi 2 ndi ochuluka mofanana ndi manambala onse owerengera, ngakhale akuoneka ngati theka lawo. Galileo adaona chodabwitsa chonga chimenechi mu 1638 poyerekeza manambala owerengera ndi 1, 4, 9, 16 ndi anzawo. Thumba la chimanga silingachite zotere: mukachotsamo theka, latsika. Mchenga wa ku Senga Bay nawonso sungachite zotere. Apa m'pomwe "zambirimbiri" ndi "zosatha" zimasiyanirana njira kotheratu.

Choncho ndikakumana ndi *infinite* m'chiganizo choti ndimasulire, sindiyamba ndi kufunafuna liwu. Ndimayamba ndafunsa kuti chimene akuti palibecho n'chiyani. Ngati ndi mpanda, monga pa thambo kapena pa chifundo cha Mulungu, ndimalemba "chopanda malire". Ngati ndi chomaliza pamzere, monga pa manambala, ndimalemba "chosatha" kapena "chopanda mapeto", ndipo m'kalasi ndimalitchula limodzi ndi la Chingerezilo kuti mwana akhale nawo onse awiri. Ngati wolembayo amangotamanda kapena kudabwa, ndimataya zonsezi n'kufuna momwe agogo akadanenera. Pomwe ndimakayika kwambiri ndi pa chiganizo chonena za kukula kwa chilengedwe, chifukwa apo mpanda ndi muyeso zimafunika kusiyanitsidwa, ndiye ndimalolera kuwononga mawu: "chachikulu kopanda muyeso" pa *infinite*, "chopanda mphepete" pa *unbounded*.

Mwana uja sindidamufotokozere zonsezi tsiku limenelo. Ndidangomuuza kuti alembe nambala yaikulu koposa yomwe angathe. Adadzaza mzere wathunthu ndi ma 9. Ndidati awonjezere 1, ndipo adayang'ana pepalalo kwa kanthawi asanayambe kuseka. Kenaka ndidamufunsa kuti, bwanji titamupatsa ndowa ndi zaka zonse zomwe angafune, n'kumutumiza ku Senga Bay kuti akachotse mchenga kanjere kamodzikamodzi?

"Ndiye udzatha ndithu, amalume," adatero. "Kungoti ineyo ndi amene ndingayambe kutha."

Adafufuta mchenga ndi tsitsi. M'malo mwake adalemba 2, 4, 6 ndi timadontho take. Chachitatu chidamutengera nthawi, mpaka adafunsa ngati 1/2, 1/4, 1/8 zingaloledwe, popeza zikunka zichepa m'malo mokula. Ndidamufunsa ngati akuona chomaliza chake. Adapukusa mutu, nalemba.